Loya amene anatithandiza mlongo wanga atamangidwa chifukwa cha foni

Anthu angapo kuno ku Chibavi, ku Mzuzu, akhala akundifunsa za loya amene tinamupeza mlongo wanga atamangidwa, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Dzina la ofesi sinditchula chifukwa pali zina zimene sizinandisangalatse, ndipo ine wogulitsa kaunjika ndikakokane ndi loya ku khoti, ayi ndithu. Ili m'tauni momwemu, pamwamba pa mashopu, masitepe ake opapatiza moti mukakumana awiri wina abwerere kaye.

Nkhani yake inali ya foni. Mlongo wangayu ndi wa kabaza wa njinga yamoto, anagula Samsung kwa mnyamata wina mumsewu, yopanda bokosi yopanda risiti, mtengo wake wongoseketsa, ndiye patatha masabata atatu apolisi anaitsata mpaka kumupeza nayo m'thumba, kuti ndi yakuba. Anamutenga Lachisanu madzulo mvula ikuwaza ija ya kuno yosatha. Loweruka m'mawa ndanyamula nsima mu kontena ndi juzi, ndisanalowe nkomwe pageti bambo wina wovala bwinobwino anandiyandikira, eti mayi musadandaule belo itheka lero lomwe mungondipatsa kenakake ndikaonane ndi akuluakulu. Ndalama ndinali nditayamba kale kumasula pa chitenje, chinandiletsa ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anandipatsa nambala ya loyayu nkuti imbani kaye.

Apa pokha ndiwayamikire. Anayankha, pa Loweruka, ndipo mawu oyamba anali oti musapatse munthu aliyense ndalama, belo ya kupolisi ndi yaulere. Isanakwane 11 koloko anafika atavala jinzi ndi mapatapata, sindinakhulupirire kuti ndi loya, analowa nkucheza ndi mlongo wanga mwina mphindi khumi zokha koma mphindi zimenezo ndi zimene ndimaona kuti ndalama yathu inagwira ntchito. Mwanayu anali ataganiza kale zoti angovomera mlandu msangamsanga kuti amusiye azipita, mmene amaganizira anthu ambiri akagona usiku umodzi pa simenti atavulidwa lamba ndi nsapato. A loya anamuuza kuti ali ndi ufulu wokhala chete, asasaine sitetimenti imene sanaiwerenge kapena kumuwerengera m'chinenero chimene akumva, ndipo ufulu wokhala chetewo si chifundo cha munthu uli mu gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko.

Anatifotokozeranso za mlanduwo, kulandira katundu wakuba, gawo 328 la Penal Code (malamulo a milandu ndi zilango zake), kuti kungopezeka ndi chinthu chakuba sikuti basi wapalamula, boma liyenera kuonetsa kuti unkadziwa kapena unali ndi chifukwa choganizira kuti ndi chakuba. Koma sanatinamize, anati mtengo wotsika uja ndi kusowa kwa risiti ndi pomwe woimira boma adzakanikize. Ndinakonda zimenezo, munthu wosalonjeza kuti mawa atuluka.

Ine ndinali nditamva zoti apolisi sayenera kusunga munthu kupitirira maola 48 ndiye ndimawerenga ndi zala kuti Lamulungu madzulo akuyenera kumutulutsa. Anaseka pang'ono nkuti ayi chemwali, maolawo akathera tsiku limene khoti silikugwira ntchito amamutengera tsiku lotsatira la khoti, kutanthauza Lolemba. Kumangidwa Lachisanu ndi tsoka lapadera. Amayi kunyumba sanadye masiku awiri onsewo.

Lolemba ku khoti la majisitireti anafika ali mu suti, munthu wina kotheratu. Anali atatiuziratu kuti tibwere ndi anthu awiri omuyimira pa belo ali ndi ziphaso zaunzika, ndiye amalume anakwera minibasi m'bandakucha kuchokera ku Ekwendeni, winayo ine. Zonse zimayankhulidwa m'chingerezi womasulira nkumatembenuza, ndipo atafunsidwa ngati akuvomera mlandu mlongo wanga anayang'ana kaye a loya kenako nkukana. Belo inaperekedwa, ndalama ya chikole tinalipira ku khoti komweko nkutipatsa risiti, komanso azikaonekera kupolisi pa masabata awiri aliwonse.

Tsopano zoipa zake. Mwana atangotuluka foni ya a loya inasanduka ya anthu ena, ukaimba sayankha, pa WhatsApp awerenga nkungokhala chete, ukapita ku ofesi mlembi wawo ndi yankho limodzi lomwelo loti bwana ali ku High Court bwerani mawa, ndipo ine kuchoka pamsika kusiya katundu ndi mnzanga kukakhala pa benchi maola awiri ndi bizinesi imene yaima. Za ndalama ndiye zinandipweteka kwambiri, tinagwirizana pakamwa mtengo umodzi ine nkumaganiza kuti ndi wa mlandu wonse, kenako ndikumva kuti tsiku lililonse limene aonekera ku khoti lili ndi yake, ngakhale tsiku loti mlandu wangoimitsidwa chifukwa mboni ya boma sinabwere, mphindi zisanu sizinakwane. Kawiri konse zimenezo. Kulakwa kwina ndi kwanga, ndinali ndi mantha sindinafunse kuti tilemberane, risiti nayo ndinachita kuipempha.

Mukapita kwa loya aliyense funsani ngati ali ndi laisensi ya chaka chimenecho, a Malawi Law Society, bungwe la maloya, amatulutsa mndandanda wake. Ndipo ngati m'thumba mulibe musagulitse njinga msanga ngati mmene tinatsala pang'ono kuchitira ife, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi konkuno ku Mzuzu ya anthu osatha kulipira loya, ine ndinadziwa mochedwa titalipira kale.

Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zitatu ndi theka, zitatuzo ndi za Loweruka lija ndi Lolemba. Mlandu sunathe, tikubwereranso mwezi wamawa, Samsung ija ikadali ku khoti ngati umboni ndipo mlongo wanga makasitomala ake akumuimbira pa kafoni ka mabatani ka amayi.