Kakitasi wa K8,000 wa maluwa omata ndi guluu

Kakitasiyu ndinamugula K8,000 pamodzi ndi mphika wake wopenta woyera, kwa bambo wina mwa amene amayala maluwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Limbe. Ndi wa mtundu wa Mammillaria, tija tating'ono tozungulira, todzaza timinga toyera thupi lonse. Pamutu pake panali maluwa atatu achikasu owala, ndipo ndi amenewo anandikopa. Bamboyo anandiuza kuti maluwawo sagwa chaka chonse, ndizingothirira kawiri pa sabata. Zonse ziwiri zinali zabodza, ndipo chachiwiricho chikanandiphera mbewu.

Munali mu Juni, chiperoni chitagwira. Amene mumakhala kuno ku Mulanje mukudziwa mmene kumakhalira: nkhungu imatsika kuphimba phiri lonse, mvula ya mawawa osaleka, zovala pachingwe osauma. Chimene chinandipusitsa n'chakuti maluwa aja ankatseka kukakhala nkhungu, dzuwa likawala n'kutsegukanso. Munthu ungakayike bwanji duwa limene likutseka ndi kutseguka lokha? Ndinkaitana ngakhale aneba kuti adzaone.

Kenako ndinaona kuti kumunsi, pamene thupi limakhudzana ndi dothi, kwayamba kuda. Nditakhudza ndi kamtengo ka machesi, panali pofewa. Ndinapinda nyuzipepala n'kumugwira nayo kuti minga isandibaye, ndipo pomuzula m'pamene ndinaona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pansi pa duwa lililonse panali kadontho ka guluu wouma, woyererako, atamata timinga tambiri pamodzi. Maluwa aja anali ouma kalekale, a chomera china chosagwirizana n'komwe ndi kakitasi. Maluwa ouma a mtundu umenewu amafunga akamva chinyezi n'kutambasuka kukauma, ngakhale anathyoledwa chaka chatha. Chachiwiri, mphika unalibe bowo. Dothi lake linali katondo wofiira wa m'munda uja, wonyowa, womata, akununkha kuola. Madzi onse amene ndinkathira kawiri pa sabata monga anandiuzira anali atangokhala pansipo.

Ndinapsa mtima kwambiri. Loweruka ndinanyamula zonse m'katoni, kakitasi, mphika ndi maluwa ake, n'kupita.

Ndinawapeza bambo aja akuwerenga ndalama. Ndinapereka moni bwinobwino, n'kuika katoni patebulo. "Bambo, taonani zimene munandigulitsa. Maluwawa ndi omata, mphikawu ulibe bowo, mbewu yayamba kuola."

Sanayang'ane n'komwe m'katonimo. "Amayi, katundu akachoka pano sabwezedwa."

"Sindinabwere kudzalimbana nanu. Ndikufuna mundiuze chifukwa chake munati maluwawa ndi enieni."

"Ndani anati ndi enieni? Ine ndinati sagwa. Agwa?"

Apa m'pamene mtima unandiwawa zenizeni. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kundizembera ndi mawu pamaso pa anthu, ngati ine ndine mwana wosamva Chichewa. Panali mtsikana wina atanyamula kamphika kofanana ndi kanga, ka maluwa ofiira, akufuna kulipira. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, tembenuzani mphikawo muone kunsi, ndiye muyang'anenso pansi pa duwalo." Anatero, n'kukabweza pamalo pake mwakachetechete. Bambo aja anadzuka n'kuyamba kukalipa kuti ndikuwaonongera bizinesi, kuti anthu a pa Boma timadzimva, kuti mbewu ndaiphera ndekha ndi madzi. Madzi amene anandiuza okha kuti ndizithira! Akabaza amene anaima chapafupi anayamba kusonkhana, ena kuseka. Ine sindinazolowere kukangana pamsewu, manja ankanjenjemera. Ndinawauza kuti K8,000 siindisaukitsa, koma kudyera anthu masuku pamutu chonchi si chilungamo, ndipo ndinanyamula katoni yanga.

Ndisanafike patali ndinamva wina akuitana kumbuyo. Anali akazi awo, amene nthawi yonseyi anali chete kuseri akudzaza dothi m'machubu. Anapukuta manja pachitenje n'kunena kuti, "Pepani amayi, tabwera nayoni ndiione." Tinakhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu momwemo. Anatenga lezala latsopano, n'kudula kumunsi kowolako pang'onopang'ono, kagawo ndi kagawo, kufikira mkati munaoneka mobiriwira moyera, mopanda kadontho kakuda ngakhale kamodzi. Anati kadontho kakuda kakatsala, kuola kumapitirira kukwera. Pabalapo anawazapo makala osinja. Guluu sanamumatule ndi mphamvu. Anadula maluwa okha, n'kuchotsa guluu amene ankachoka mosavuta, wina n'kumusiya, chifukwa ukakoka umazula timinga pamodzi ndi khungu, ndipo pamene minga yazuka siimeranso.

Anandiuzanso, motsitsa mawu, kuti timakakitasi timeneti amakaoda m'tauni tili tomatamata kale, si iwo amamata. Izi zinandiziziritsa mtima pang'ono, sindikana. Koma mphika wopanda bowo ndi katondo uja ndi ntchito ya pamalo pomwepo, ndipo bodza la kuthirira kawiri pa sabata linatuluka m'kamwa mwa amuna awo. Ndalama sanandibwezere. Mayiwo anangondipatsa kamphika kadothi kootcha, kobowola pansi, osandilipiritsa.

Zimene anandilangiza ndi zimene zinapulumutsa mbewuyi, ndiye ndizilembe bwino kuti wina zimuthandize. Kakitasi wodulidwa samubzala pompo. Amamusiya pamthunzi pouma, podutsa mphepo, kwa sabata kapena kuposerapo, kufikira bala litauma n'kuchita nkhanambo. M'nyengo ya chiperoni zimachedwerapo. Dothi lake ndinasakaniza mchenga wokhakhala wa mumtsinje wotsuka bwino, tizidutswa ta njerwa yootcha, makala ophwanya, ndi dothi la m'nkhalango lochepa chabe. Ukathira madzi ayenera kutuluka kunsi nthawi yomweyo. Akaima pamwamba ndiye kuti dothi lachuluka. Ndinangomukhazika pamwamba, osamukwirira, n'kumuchirikiza ndi timiyala, ndipo sindinathirire mpaka nditamva kuti akukana kugwedezeka, kusonyeza kuti mizu yatsopano yagwira.

Mbewu zimenezi kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kumene kuli mitundu yake yambiri, ndipo zambiri zimamera m'miyala, m'malo a mvula yochepa. Ife tazibweretsa ku boma limene tiyi amakondwa chifukwa cha mvula ndi chinyezi. Zimene zimasangalatsa tiyi ndi chinanazi n'zimene zimapha kakitasi. Choncho wogulitsa wa kuno amayenera kukhala woyamba kuchenjeza anthu za madzi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kukuzizira, mbewuyi imakhala ikupuma ndipo siifuna madzi kwenikweni. Kukatentha, mu Seputembala ndi Okutobala, ndimathirira mokwanira kamodzi, kenako n'kudikira kuti dothi liume mpaka pansi. Ndimalowetsa kamtengo kouma m'dothi, kakatuluka konyowa ndimasiya. Madzi ndimathira m'mbali mwa mphika, osati pamutu, chifukwa akakhala pakati pa timinga amayambitsa kuola.

Kuwala nakonso n'kofunika. Pawindo la kuchipinda pamene ndinamuika poyamba panali mdima, ndipo kakitasi akasowa dzuwa amatalika n'kuonda kumutu, mtundu n'kuyezuka, osabwereranso mwakale. Tsopano ali pakhonde loyang'ana kum'mawa, amalandira dzuwa la m'mawa, masana n'kukhala pamthunzi, ndipo denga limamuteteza ku mvula. Tizilombo toyera taubweya tija tinabwera kamodzi n'kubisala pakati pa timinga. Ndinatipukuta ndi thonje loviika mu sipiriti, lokulunga kunsonga ya kamtengo, ndipo sitinabwererenso.

Chimene sindinkayembekezera chinachitika mu Seputembala. Pakati pa tinthu totupa ta pathupi pake pamene pamamera minga, m'mipata mwake, munayamba kutuluka timphukira tofiirira, osati pamutu penipeni koma mozungulira mutuwo. Tinatseguka masana ena kukutentha, timaluwa tating'ono ta pinki, mkati mwake mwachikasu, titazungulira mutu wonse ngati nkhata. Madzulo tinkatseka, m'mawa dzuwa likakwera n'kutsegukanso. Lililonse limakhala masiku ochepa n'kufota, koma ena amakhala akubwera pambuyo, ndiye khonde linakhala ndi maluwa kwa nthawi ndithu. Njuchi zinkabwera, zimene sizinachitikepo pa maluwa a guluu aja. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikudandaula kuti mbewu yokhala ndi maluwa okongola chonchi, n'chifukwa chiyani munthu amaimata zinthu zouma? Amachita zimenezi chifukwa ogula timathamangira mtundu wowala, ndipo maluwa enieni sadikira tsiku la msika. Komabe akanangonena zoona, ine ndikanagula ndithu.

Ndiye mbewuyo payokha ndikuipatsa nyenyezi zisanu. Imatenga malo ochepa, siifuna feteleza wambiri, ukachoka kupita kumudzi sabata ziwiri umaipeza ili bwinobwino. Ana aang'ono okha ndiwo ofunika kuwasamala, chifukwa timinga take timalowa m'chala n'kuvuta kuchotsa. Malo amene ndinagulawo ndikuwapatsa ziwiri, ndipo ziwirizo ndi za mayi aja. Bamboyo mpaka lero ndikamadutsa amayang'ana kumbali, kupepesa ayi. Ndinamva kuti miphika ina ayamba kuibowola, koma ya maluwa omata ikadalipo patebulo, mtengo wake womwewo.

Mukafuna kugula, pitani nthawi imene mayiwo alipo. Tembenuzani mphika muone bowo, tsinani dothi mumve ngati lili ndi mchenga, ndipo mukaona duwa lalikulu lowala litakhala pamwamba pa minga, lolimba ukalikhudza, pemphani wopanda duwa. Yang'ananinso kumunsi kwa thupi, pasakhale pakuda kapena pofewa. Wanga panopa watulutsa tiana m'mbali. Kamodzi ndakachotsa, kakuuma bala pashelefu, ndipo mnzanga wa ku Luchenza adzakatenga mvula ya Novembala isanayambe.