ChatGPT, Meta AI, Gemini kapena DeepSeek: iti ikhale pa foni yanu?

ChatGPT itatuluka pa 30 November 2022, anthu ankachita kukaifunafuna pa intaneti, ndipo m'miyezi iwiri yokha pafupifupi anthu 100 miliyoni anali akuigwiritsa ntchito. Masiku ano AI, kutanthauza mapulogalamu otere oyankha mafunso ngati munthu, ndi imene ikutilondola m'mafoni mwathu. Ndaona kuti ambiri sasankha yanzeru kuposa zonse ayi, amatenga imene ili pafupi.

N'chifukwa chake ndiyamba ndi Meta AI. Mu April 2024 inafika ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ili mkati mwa WhatsApp momwemo. Palibe kudawuniloda pulogalamu ina kapena kutsegula akaunti yatsopano. Mumangodina kachizindikiro kake n'kulemba ngati mukucheza ndi mnzanu. Kwa munthu amene foni yake inadzaza kale ndi zithunzi, ndipo intaneti yake yonse imathera pa WhatsApp, palibenso yoposa imeneyi. Imachita bwino pa mafunso afupiafupi, monga kukonza Chingerezi cha uthenga wopita kwa abwana. Koma malo ake ndi ochezera, si olembera lipoti la masamba khumi.

Ntchito yaitali ine ndimapita nayo kwa ChatGPT. Mutha kuipatsa chikalata cha PDF kuti ichifupikitse, kujambula tsamba la notsi n'kuifunsa mafunso, kapena kungoyankhula nayo pakamwa manja ali pa ntchito ina. Kalata yofunsira ntchito mumaikonza nayo pang'onopang'ono, mukuiuza kuti apa chepetsa, apa tchula zimene ndinachita kumunda kapena kushopu, mpaka imveke ngati yanu. Yaulere ili ndi malire pa kagwiritsidwe ntchito. Yolipira, ya Plus, ndi madola 20 pamwezi, ndipo imafuna khadi yolipirira kunja. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira kwathu kuno, sindingauze wophunzira kuti alipire, yaulereyo ikukwanira.

Gemini ya Google, imene inkatchedwa Bard mpaka February 2024, mphamvu yake ndi Android, Gmail ndi Google Docs. Ngati moyo wanu uli m'menemo, ndi yanu. Chimene chinaikokera anthu ambiri mu 2025 si kulemba koma zithunzi: chida chake chosinthira zithunzi, chotchedwa Nano Banana, chinachititsa kuti ikwere pamwamba pa mapulogalamu aulere a App Store, malo odawunilodera mapulogalamu a iPhone. Zithunzi zimadya bandulo, ndipo chonde ganizani kawiri musanatumize nkhope za ana anu.

DeepSeek ya ku Hangzhou, China, inagwedeza dziko mu January 2025, moti masheya a Nvidia, kampani yopanga tizipangizo ta makompyuta toyendetsera AI, anagwa kwambiri tsiku limodzi. Ndi yaulere ndipo imaonetsa mmene ikuganizira isanayankhe, zimene zimathandiza pa masamu. Zimene mwalemba zimasungidwa ku China, ndipo dziko la Italy linaitseka mwezi womwewo pa nkhani ya zinsinsi za anthu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chilankhulo chathu. Mapulogalamu onsewa anaphunzira kuchokera ku zolembedwa za pa intaneti, kumene Chichewa n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi Chingerezi. Ndiye amatha kusakaniza mawu a Chiswahili, kulakwitsa mgwirizano wa mawu, kapena kupeka mwambi umene agogo athu sanaunenepo, koma n'kuulemba molimba mtima. Musanakhulupirire iliyonse, ifunseni funso limene yankho lake mukulidziwa kale, monga mayina a maboma a m'chigawo chanu kapena kaphikidwe ka thobwa. Funso lomwelo lipatseni zonse zinayi, mu Chichewa kenako m'Chingerezi, muone kusiyana kwake ndi maso anu. Za mankhwala ndi za malamulo, kafunseni kuchipatala kapena kwa loya.