Maphunziro a pa intaneti a kasinthidwe ka ndalama: zimene ndinapindula ndi zimene zinandisowa

Kwa masabata 12 ndinatsata maphunziro a pa intaneti a zachuma cha pakati pa mayiko, omwe amaperekedwa ndi sukulu ina ya ukachenjede kwa anthu okonzekera digiri yachiwiri. Sabata iliyonse timalandira mavidiyo atatu, mafunso oti tiyankhe ndi mulu wa ziwerengero zenizeni za m'misika ya ndalama, kenaka timakumana ndi mphunzitsi kwa ola limodzi. Ndinalembetsa ndikuyembekezera kuti ndidzatulukamo ndikutha kunena chifukwa chimene ndalama ya dziko imakwerera kapena kugwa mphamvu, koma chimene maphunzirowa amachita bwino koposa n'kusonyeza wophunzira pamene chiphunzitso chilichonse chimalekera kugwira ntchito.

Mbiri ya kasinthidwe ka ndalama mphunzitsi anaidutsa mwachangu, ndipo anachita bwino. Mgwirizano wa ku Bretton Woods wa mu 1944, umene unamangirira ndalama zambiri ku dola ndi dola ku golide, komanso chiganizo cha Pulezidenti Nixon wa ku America cha mu Ogasiti 1971 chosiya kusinthitsa dola ndi golide, zonse zinatha m'vidiyo imodzi. Pomwe mphunzitsi anakhazikika ndi pa chiphunzitso chochokera ku ntchito ya Robert Mundell ndi Marcus Fleming, chonena kuti dziko silingakhale ndi zinthu zitatu izi nthawi imodzi: mtengo wosinthira ndalama wosasuntha, ufulu woti ndalama zizilowa ndi kutuluka m'dziko popanda choletsa, ndi mphamvu yoika chiwongoladzanja molingana ndi zosowa za chuma chake. Pongowerenga, mfundoyi imaoneka yosavuta, mpaka anatipatsa nkhani ya Britain. Dzikolo linalowa m'ndondomeko ya ku Ulaya yomangirira ndalama za mayiko, makamaka ku ndalama ya Germany, mu Okutobala 1990, pa nthawi imene Germany inali ndi chiwongoladzanja chokwera kutsatira kugwirizananso kwa zigawo zake ziwiri, pomwe chuma cha Britain chinali kulowa pansi ndipo chimafuna chiwongoladzanja chotsika. Pa 16 Seputembala 1992 boma linakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 10 kufika pa 12 peresenti, n'kulengezanso kuti chifika pa 15, koma ogulitsa paundi sanabwerere m'mbuyo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo dzikolo linatuluka m'ndondomekoyo. Funso lomwe tinapatsidwa linali lakuti tifotokoze chifukwa chimene amalonda sanakhulupirire lonjezo la 15 peresenti, ndipo poyankha ndinazindikira kuti nkhokwe ya ndalama zakunja payokha siteteza ndalama ya dziko ngati aliyense akuona kuti boma silingapirire ululu wa chiwongoladzanja chokwera chotero.

Ntchito ya sabata yachisanu ndi chiwiri ndiyo sindidzaiwala. Tinauzidwa kubwereza kafukufuku amene Richard Meese ndi Kenneth Rogoff anatulutsa mu 1983, kutanthauza kumanga modelo, ndiye kuti njira ya masamu, yolosera mtengo wa dola pogwiritsa ntchito kuchuluka kwa ndalama, chiwongoladzanja ndi kukula kwa chuma, kenaka kuiyerekeza ndi ulosi wa ulesi wongonena kuti mtengo wa mwezi wamawa udzakhala monga wa mwezi uno. Ndinakhala pa kompyuta madzulo atatu ndikukonza ziwerengero, ndipo nditaika mizere iwiriyo pa tebulo limodzi, ulosi wa ulesi uja unali ndi zolakwika zochepa kuposa modelo yanga. Ndinaganiza kuti ndasokoneza madeti, ndinayambiranso, koma zotsatira zinabwera zomwezo. Pamsonkhano wa sabatayo zinaoneka kuti ambiri tinagwa pa dzenje limodzi, ndipo mphunzitsi anangomwetulira, chifukwa zimenezo n'zimene ofufuza awiriwo anapeza, ndipo mpaka lero kulosera mtengo wosinthira ndalama wa miyezi yochepa kutsogolo kudakali kovuta kwa akatswiri. Kumva mfundoyi m'kamwa mwa munthu n'kosiyana kwambiri ndi kuiona itatuluka m'ntchito ya manja ako.

Komabe pali malo amene maphunzirowa amasiya wophunzira panjira. Chikalata cholengeza chinanena kuti masamu a digiri yoyamba ndi okwanira, zomwe sizinali zoona. Titafika pa chiphunzitso cha Rudiger Dornbusch cha mu 1976, chofotokoza kuti ndalama ikhoza kugwa mopitirira muyeso kenaka n'kubwerera pang'onopang'ono chifukwa mitengo ya katundu imachedwa kusintha pamene msika wa ndalama umasintha nthawi yomweyo, mphunzitsi analemba masamu a kasinthidwe ka zinthu m'kupita kwa nthawi ngati kuti tonse tinawazolowera kale. Ganizo lake ndinalimva tsiku loyamba, koma kutsata mzere ndi mzere kunanditengera sabata yathunthu ndi mabuku ena apadera. Vidiyo imodzi yokonzekeretsa ikanathetsa vuto limeneli. Kuchonga ntchito nakonso kumachedwa, moti mayankho a sabata yachinayi ndinawalandira titayamba kale yachisanu ndi chimodzi, cholakwika chomwecho nditachibwereza kawiri.

Chodandaulitsa chachikulu kwa ine n'chakuti pafupifupi zitsanzo zonse zinali za ndalama zamphamvu zomwe zimagulitsidwa momasuka. N'zoona kuti tinaphunzira za kugwa kwa baht ya Thailand pa 2 Julaye 1997 ndi za Argentina, yomwe kuyambira mu 1991 inamangirira ndalama yake ku dola kufikira ndondomekoyo itasweka kumayambiriro kwa 2002, koma nkhani zimenezi zinabwera ngati ngozi zapadera. Mayiko ambiri padziko lapansi amakhala zaka zochuluka ali ndi malamulo oletsa kutulutsa ndalama zakunja, mtengo wa boma utasiyana ndi wa pamsika wamseri, oitanitsa katundu akudikirira ndalama zakunja kubanki, ndipo zonsezi zinapatsidwa theka la vidiyo. Wophunzira amene akufuna kukagwira ntchito kubanki yaikulu ya dziko lotere adzayenera kudzifunira yekha zowerenga, ngakhale zida zoganizira adzakhala atazipeza pano.

Amene ndingamulimbikitse kulembetsa ndi munthu wokhala ndi masamu olimba, wodziwa kugwiritsa ntchito pulogalamu ya ziwerengero, komanso wokhala ndi maola osachepera khumi pa sabata, pakuti mavidiyo okha popanda kuyankha mafunso sapindulitsa kwenikweni. Mayeso omaliza anali a mtundu womwewo wa ntchito za mkati. Anatipatsa chithunzi cha mtengo wa euro poyerekeza ndi franc ya Switzerland, mzere utagona pafupi ndi 1.20 kwa nthawi yaitali kutsatira malire amene banki yaikulu ya dzikolo inaika mu Seputembala 2011 kuti franc isakwere mphamvu kuposa pamenepo, kenaka utagwa mwadzidzidzi pa 15 Januwale 2015 pamene bankiyo inachotsa malirewo. Funso linali lakuti tifotokoze chifukwa chimene banki yomwe ikanatha kusindikiza ndalama yake mopanda malire inasiyira kuteteza mtengowo, ndipo anatipatsa masamba awiri okha oti tiyankhirepo.