Kupenta boti lakale la faibagalasi: penti wamba kapena wosakaniza?

Boti likasuluka, njira zilipo ziwiri: penti wongotsegula chitini n'kupaka, kapena wosakaniza ndi hardener (mankhwala olimbitsa penti), monga Awlgrip.

Mtengo: wamba ndi wotchipa. Wosakaniza ndi wodula, ndipo amafunanso primer (penti woyamba kupaka wapansi) yakeyake.

Kulimba: wamba sachedwa kukalika, makamaka boti likamakokedwa pamchenga tsiku lililonse monga ku Cape Maclear. Wosakaniza amawala zaka zambiri.

Ntchito: wamba mungapake nokha ndi burashi. Winayu mukangosakaniza amalimba m'maola ochepa, ndipo kumupopera popanda chotetezera kupuma n'koopsa. Sagwiranso pamwamba pa penti wamba wakale, amangomumatula. Muyenera kupala kaye boti lonse, ndipo ndalama zambiri zimathera pamenepo.

Kwa msodzi, wamba akukwana. Wonyamula alendo odzaona nyanja alimbe mtima, agule wodulayo.