Kampani yokonza ulendo wokaona maluwa a sakura ku Japan

Kampani yaing'ono ya ku Kyoto imene inandikonzera ulendowu inaonetsa luso makamaka posankha masiku, chifukwa mitengo ya sakura mumzindawu imachita maluwa kumapeto kwa Marichi ndi kumayambiriro kwa Epulo, ndipo pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri maluwawo amayoyoka. Anandilangiza kuti ndisunge tsiku lopita kuphiri la Yoshino m'chigawo cha Nara, kumene kuli mitengo pafupifupi 30,000 ndipo ya pamwamba imachedwa kuchita maluwa kuposa ya m'munsi, kotero kuti wofika mochedwa sabwerera wopanda choona.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi mbali ya chikhalidwe. Anandipezera malo ku Miyako Odori, magule amene ma geiko (akazi aluso pa kuvina ndi kuimba, amene ambiri amawadziwa kuti ma geisha) ndi ma maiko (atsikana ophunzira ntchitoyi) a ku Gion, dera lina la ku Kyoto, amavina mwezi wa Epulo kuyambira 1872, ndipo wotiperekeza anafotokoza bwino mwambo womwa tiyi tisanalowe m'chipinda, mpaka kagwiridwe ka mbale ndi katembenuzidwe kake musanamwe. Nyumba ya alendo ya ryokan inali yaukhondo, ngakhale kuti kugona pa futon, matiresi oyala pansi, si aliyense angakukonde.

Pa mayendedwe ananena zoona zokhazokha: tikiti ya sitima zapamtunda ya masiku 7 yotchedwa Japan Rail Pass, imene inakwera kufika pa mayeni 50,000 mu Okutobala 2023, siipindulitsa munthu amene akungoyenda pakati pa Tokyo ndi Kyoto.

Chodandaulitsa n'chakuti anatipititsa ku Maruyama Park, paki ya ku Kyoto, madzulo, nthawi imene anthu anali atadzaziratu, ndipo ankachedwa kuyankha makalata. Amalipiritsanso ndalama zambiri, koma ndingawagwiritsenso ntchito.