Miyezi khumi ndikusunga deta ya seva ndi BorgBackup

Papita miyezi khumi chiyambire kugwiritsa ntchito pulogalamu ya BorgBackup, mwachidule Borg, posunga makope a deta ya seva yomwe ofesi yathu imachita lendi kunja. Pa sevayo pali webusaiti yathu, database ya PostgreSQL ndi mafayilo amene makasitomala amatumiza. Kale ndinkakopera zonsezi ndi rsync, pulogalamu yomwe Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996, koma mmene ndinaikonzera inkandisiyira kope limodzi lokha, moti fayilo ikawonongeka Lolemba, pofika Lachiwiri kope lija nalo linali litatengera kuwonongekako.

Borg, yomwe inaphuka kuchokera ku pulojekiti ya Attic mu 2015, imadula mafayilo m'zidutswa zing'onozing'ono ndi kutumiza kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolumikizira makompyuta, zokhazo zomwe sizinasungidwepo, ndipo zimachoka pa seva zitapanikizidwa kale ndi kutsekedwa ndi kiyi. Usiku woyamba kutumiza kunatenga maola angapo, koma masiku ano cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, imadzutsa ntchitoyi 2 koloko usiku ndipo imatha m'mphindi zochepa, ngakhale kuti ndimasunga makope 7 a tsiku ndi tsiku, 4 a pamlungu ndi 6 a pamwezi. Pambali imeneyi ndilibe dandaulo.

Zovuta zomwe ndakumana nazo zachokera kwa ine mwini. M'mwezi wachitatu ndinadabwa kuona malo osungira akudzaza pamene borg prune inkanena usiku uliwonse kuti yachotsa makope akale. Kuyambira mtundu wa 1.2, womwe unatuluka mu 2022, malowo sabwerera mpaka munthu atalamula borg compact, ndipo ine ndinali nditatsatira malangizo a mtundu wakale. Nthawi ina netiweki inaduka ntchito ili mkati, loko yomwe Borg imaika poletsa ntchito ina kulowa inatsala pa nkhokwe ya makopewo, ndipo kwa masiku asanu ndi anayi palibe chinasungidwa chifukwa makalata a cron ankapita ku adiresi yomwe palibe amaitsegula. Kuchotsa lokoyo ndi borg break-lock kunali kwa kamphindi, koma mtima unandiwawa ndi masiku amene ndinkagona tulo tabwino pa nkhokwe yoima. Tsopano uthenga umafika pa foni yanga ntchito ikapanda kutha.

Chomwe chinandiphunzitsa kwambiri chinachitika m'mwezi wachisanu ndi chiwiri. Mnzanga wa muofesi anafufuta mwangozi foda ya ma invoice, ndipo ndi borg mount ndinatsegula kope la dzulo lake ngati disiki wamba, ndi kubweza fodayo tiyi wake asanazizire. Kupambana kumeneku kunandilimbitsa mtima kuyesa kubweza seva yonse pa kompyuta ina. Mafayilo anabwera onse, koma PostgreSQL inakana kudzuka. Kwa miyezi yonseyo ndinkakopera mafayilo a database ili mkati mogwira ntchito, ndipo Borg inasunga mokhulupirika chinthu chomwe chinali chosalongosoka pochitenga pomwe. Ngakhale borg check sikanandichenjeza, chifukwa imayang'ana ngati nkhokwe ili bwino, osati ngati zomwe munaikamo zingagwire ntchito. Kuyambira tsiku limenelo pg_dump, pulogalamu ya PostgreSQL, imayamba kutulutsa database m'fayilo, kenako Borg n'kutenga fayiloyo.

Kiyi yotsekera deta ndinaisindikiza papepala ndi borg key export ndi kuitsekera m'kabati ya ofesi pamodzi ndi mawu achinsinsi, pakuti seva itatayika ndi zimenezi, makope onse angakhale opanda ntchito.

Chomwe sindikhutira nacho mpaka lero ndi chakuti Borg inapangidwa kuti seva ndiyo izikankha deta kupita ku nkhokwe. Munthu woipa atalowa pa seva angathe kufufutanso makope, pokhapokha kiyi ya SSH itamangidwa ndi borg serve --append-only, lamulo lolola kuwonjezera kokha osati kufufuta, m'fayilo ya makiyi ololedwa ya authorized_keys, zomwe ndachita, koma zikatero kuyeretsa nkhokwe kumafuna kiyi ina yosungidwa kwina. Kugwiritsa ntchito kompyuta ya muofesi kukoka deta pa seva n'kotheka kudzera mu sshfs, yomwe imatsegula mafayilo a seva ngati disiki wamba, koma ndinapeza kuti n'kochedwa, ndipo magetsi akazima usiku kompyutayo nayo imagona. Ndapitiriza ndi njira yokankha, ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimabweza database pa kompyuta ina ndi kutsegula invoice yomaliza kuti ndiione ndi maso anga.