CH-926: kachipangizo kolandira makoini kabwino, koma kofuna kukasamala

Kwa okonza makina amasewero ndi ogulitsira zinthu, CH-926 ndi kachipangizo kotchipa koyenera kukhala m'chikwama cha zida. Kamayendera magetsi a 12V DC ndipo kamatha kuzindikira mitundu 6 ya makoini.

Ubwino wake wagona pa kukaphunzitsa. Pa kasikirini kake pamaoneka zilembo E, H, P ndi F. Pa E mumaika chiwerengero cha mitundu ya makoini, pa H kuchuluka kwa zitsanzo, pa P chiwerengero cha ma pulse (zizindikiro za magetsi) opita ku bodi yoyendetsa makina, pa F kukhwimitsa kwa kusankha. Ponyanimo makoini osachepera 15 a mtundu uliwonse, atsopano ndi operepeseka omwe. Mukakaphunzitsa ndi atsopano okha, kazikana akale. Nambala ya F ikachepa, kusankha kumakhwima, ndiye mukaichepetsa kwambiri, ngakhale ndalama zenizeni zimabwerera. Pakati pa 5 ndi 10 ndi pabwino.

Koini ikalowa koma makina osawerenga, musafulumire kutaya kachipangizoka. Kawirikawiri vuto ndi switchi ya NO/NC (yosankha ngati njira ya chizindikiro izikhala yotseguka kapena yotsekeka palibe koini), liwiro la pulse losagwirizana ndi bodi, kapena waya wa ground (wa negative) wosalumikizika.

Chofooka chake ndi fumbi ndi madontho a zakumwa, zomwe zimatseka masensa. Pukutani njira ya koini ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti ya isopropyl, osathira mafuta. Chenji sikabweza, ndiye pa makina ofuna chenji pezani china.